Ndani Alankhula, Ndani Akhala Chete: Kompyuta ndi Mawu a Ngwazi za Homer ndi Virgil

Aliyense amene anakhalapo pabwalo la mfumu m'mapiri a Dowa kapena Ntchisi, kaya ndi kwa Chiwere, kwa Msakambewa, kwa Kasakula kapena kwa Kalumo, adziwa kuti mlandu sumveka ndi mawu okha amene anenedwa, pakuti umvekanso ndi dongosolo la olankhulawo: amene ayamba, amene ayankha, amene apatsidwa mpata wautali, amene adulidwa pakamwa, ndi amene angozyolika kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, nkhani yake akumnenera ndi ankhoswe. Nduna yochenjera imasunga zonsezi mumtima, ndipo pofika nthawi yogamula imakhala itadziwa kale kumene kuli mphamvu ndi kumene kuli mantha. Tsono mafunso omwewa, akuti ndani walankhula, walankhula kwa yani, walankhula motalika bwanji, ndipo ndani wamanidwa mawu, ndiwo amene akatswiri a maphunziro a Chigiriki ndi Chilatini akufunsa masiku ano pa ndakatulo zakale za ngwazi za ku Greece ndi ku Rome. Ndipo popeza ndakatulozo n'zazitali kopambana, kotero kuti mutu wa munthu mmodzi sungathe kusenza zonse, aitana kompyuta kuti iwathandize kuwonkhetsa.

Tiyambe tanena za ndakatulozo. Yakale koposa ndi Iliad, imene isimba za mkwiyo wa Achilles pa nkhondo ya ku Troy, ndipo ili ndi mizere yoposa 15,600. Inzake ndi Odyssey, ya ulendo wa Odysseus wobwerera kwawo ku Ithaca, ya mizere yoposa 12,000. Zonse ziwiri zitchulidwa pa dzina la Homer, ndipo zinapangidwa zaka pafupifupi 700 Khristu asanabadwe. Kwa Aroma kunali Virgil, amene anamwalira m'chaka cha 19 Khristu asanabadwe, nasiya Aeneid, ndakatulo ya mabuku 12 yosimba za Aeneas, wothawa nkhondo ya ku Troy amene anakakhala kholo la Aroma. Mwambowo sunathere pomwepo ayi, koma unapitirira zaka zoposa 1,000 chiyambire Homer, kufikira Nonnus wa ku Panopolis m'dziko la Egypt, amene m'zaka za m'ma 400 analemba Dionysiaca, mabuku 48 a mizere yoposa 20,000. Chimene chidabwitsa munthu wotsegula Homer koyamba n'chakuti mlakatuliyo amadzichepetsa kawirikawiri, nasiya bwalo kwa anthu ake kuti adzinenere okha: mu Iliad, pafupifupi mizere 45 mwa mizere 100 iliyonse ndi mawu otuluka m'kamwa mwa anthu ndi milungu ya m'nkhaniyo, ndipo mu Odyssey mawu otere afika magawo awiri mwa atatu. Plato anaona msanga khalidwe limeneli nalikayikira, poganiza kuti wolakatula wodzisandutsa munthu wina anyenga omvera. Koma Aristotle, wophunzira wake, anatamanda Homer pa chifukwa chomwecho, kuti yekha mwa alakatuli anadziwa kunena pang'ono m'dzina lake.

Wina angafunse kuti nkhani ya Agiriki itikhudza bwanji ife a kuno kumapiri. Yankho lili pafupi, pakuti ku Mtunthama, m'boma la Kasungu limene lichita malire ndi Ntchisi ndi Dowa, kuli Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1981 ndi cholinga chakuti ana a Malawi aphunzire Chilatini ndi Chigiriki pamodzi ndi maphunziro ena. Ndipo ku Chancellor College ku Zomba kunakhazikitsidwa gawo la maphunziro omwewa m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Mayi Caroline Alexander, amene anagwira ntchito yokhazikitsa gawolo kuyambira 1982 kufikira 1985, ndi yemweyo amene m'chaka cha 2015 anatulutsa Iliad yonse m'Chingerezi, nakhala mkazi woyamba kusindikiza ntchito yotere. Choncho Homer ndi Virgil si alendo a dzulo m'dziko muno. Alipo aphunzitsi, azamalamulo ndi madokotala amene anatuluka nawo thukuta m'kalasi ali achinyamata.

Kuwonkhetsa mawu a m'ndakatulozi kunayamba kompyuta isanabadwe, ndipo inali ntchito ya anthu opirira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1875 Guy Lushington Prendergast anatulutsa buku losonyeza malo onse amene liwu lililonse la mu Iliad lipezeka, ndipo Henry Dunbar anachita chimodzimodzi ndi Odyssey m'chaka cha 1880. Onsewa anagwira ntchito ndi cholembera, pepala ndi maso awo. M'chaka cha 1972 Gilbert Highet analemba buku lathunthu la zolankhula za mu Aeneid, naziwerengera n'kupeza kuti zipitirira 300, nazigawa m'magulu a mapemphero, malamulo, maulosi, zotonza adani ndi zina zotero. Koma nthawi imeneyo n'kuti makina atayamba kale kulowa m'bwaloli. Wansembe wa ku Italy, Roberto Busa, anapangana ndi kampani ya IBM m'chaka cha 1949 kuti asanthule ndi makina zolemba zonse za Thomas Aquinas. M'chaka cha 1972 ku University of California ku Irvine kunayambika Thesaurus Linguae Graecae, nkhokwe yosunga zolembedwa za Chigiriki m'kompyuta. Ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Gregory Crane anayambitsa Perseus Digital Library, imene lero ili ku Tufts University, momwe aliyense wokhala ndi intaneti angathe kuwerenga Homer ndi Virgil m'zinenero zawo popanda kulipira khobidi.

Komabe nkhokwe zimenezi zinali ndi chilema chimodzi. Zinkatha kukuuzani kuti liwu lakutilakuti lipezeka kangati ndiponso pa mzere uti, koma sizinkadziwa kuti liwulo latuluka m'kamwa mwa yani, kaya ndi mfumu, kapolo, mkazi wamasiye, mulungu kapena mlakatuli mwiniwake. Kumeneku ndiko kusiyana kwakukulu, pakuti Jasper Griffin wa ku Oxford anasonyeza m'chaka cha 1986 kuti mwa Homer muli ngati zinenero ziwiri: mlakatuli posimba amapewa mawu oweruza, sanena msanga kuti chakuti n'choipa, chamanyazi kapena chachipongwe, koma mawu otere amawasiyira anthu a m'nkhani kuti aponyerane okha, ndipo anaonanso kuti Achilles ali ndi kalankhulidwe kakekake, kodzala ndi mawu amene ena sawatchula. Kuti zinthu zotere ziyesedwe pa ndakatulo zonse, panafunika kaundula wa mtundu wina. Deborah Beck wa ku University of Texas ku Austin anakonza kaundula wa zolankhula za mwa Homer amene anatsagana ndi buku lake la 2012, ndipo Berenice Verhelst anakonza wa zolankhula za mwa Nonnus. Pambuyo pake Verhelst, amene ali ku University of Amsterdam, Christopher Forstall wa ku Mount Allison University ku Canada, ndi Simone Finkmann wa ku University of Rostock ku Germany anagwirizana kuti amange kaundula mmodzi wa zolankhula zonse za m'ndakatulo za ngwazi, kuyambira Homer kufikira alakatuli a masiku otsiriza a ufumu wa Rome, naitcha ntchitoyo DICES.

Kamangidwe ka kaundulayu n'kosavuta kukamvetsa. Cholankhula chilichonse chipatsidwa mzere wake m'kaundula, ndipo pamenepo palembedwa dzina la ndakatulo, buku lake, mzere umene mawuwo ayambira ndi umene athera, monga momwe ife tilozera chaputala ndi vesi. Kenaka palembedwa wolankhula ndi wolankhulidwa, ndi kuti aliyense wa iwo ndi mwamuna kapena mkazi, munthu kapena mulungu, mmodzi kapena khamu. Palembedwanso ngati munthuyo akudzilankhulira yekha mumtima, ngati akulankhula popanda womuyankha, kapena ngati pali kuyankhana, ndipo zolankhula za kukambirana kumodzi zimangidwa pamtolo umodzi. Zolankhula zikwi zingapo zikalembedwa motere, kompyuta ipita ku nkhokwe ya zolembedwa, nitenga mizere yeniyeniyo, niyamba kuyankha mafunso amene kale akanadya zaka za munthu: kodi akazi alankhula mizere ingati poyerekeza ndi amuna, ndipo alankhula kwa yani? Kodi milungu ilamula kochuluka kuposa anthu? Kodi ndi alakatuli ati amene akonda kuyankhana kwachidule, ndipo ndi ati amene akonda zolankhula zazitali zopanda yankho? Pa funso lotsirizali kusiyana kuoneka poyera, pakuti anthu a Homer amayankhana ngati pabwalo, a Virgil nthawi zambiri amanena mawu awo osayankhidwa, ndipo a Nonnus amachita kulalikira motalika mnzawo ali duu.

Chimene kuwonkhetsa kuulula bwino koposa ndicho kukhala chete, popeza khutu limva msanga wolankhula koma silizindikira amene sanalankhule. Iliad iyamba ndi mkangano wa Agamemnon, mfumu yotsogolera Agiriki, ndi Achilles wolimbirana akazi awiri ogwidwa kunkhondo, Chryseis ndi Briseis. Koma mukayang'ana m'kaundula mupeza kuti Chryseis, amene chifukwa cha iye mliri unagwera gulu lonse la nkhondo, sanena liwu ndi limodzi lomwe, ndipo Briseis atsegula pakamwa kamodzi kokha, m'buku la 19, polira maliro a Patroclus, bwenzi la Achilles. M'buku lomwelo ngakhale kavalo wa Achilles, Xanthus, apatsidwa mawu olosera imfa ya mbuye wake. Mu Aeneid muli Lavinia, mwana wa mfumu Latinus, amene nkhondo ya theka lachiwiri la ndakatuloyo imenyedwa pa ukwati wake, koma iyeyo kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto sapatsidwa mawu. Ndipo Aeneas, amene atamandidwa chifukwa chokonda banja lake, alankhula kwa mwana wake Ascanius kamodzi kokha, m'buku lomaliza, atavala kale chisoti cha nkhondo. Pamene akazi a mu Iliad alankhula motsatana popanda mwamuna wowadula ndi pa maliro a Hector, ngwazi ya ku Troy, m'buku la 24, pomwe Andromache mkazi wake, Hecuba mayi wake ndi Helen mlamu wake alira mmodzimmodzi. Nanga munthu wamba? Thersites, wonyozeka wa m'gulu la nkhondo, aimirira m'buku lachiwiri nadzudzula Agamemnon pamaso pa khamu, ndipo mphotho yake ndi ndodo yachifumu imene Odysseus amkwapula nayo pamsana.

Kuti tione pamene makina athandiza ndi pamene alekera, tiyang'anitsitse buku la 9 la Iliad. Agiriki apanikizidwa, ndipo Agamemnon avomera kupepesa Achilles, natchula mphatso zimene adzapereka: akavalo 12, miphika 20, golide, akazi 7 a ku Lesbos, Briseis yemwe, mwana wake wamkazi kuti akhale mkazi wa Achilles, ndi mizinda 7. Atumidwa amuna atatu. Odysseus alankhula mizere 82, Achilles amuyankha mizere 122 nanenetsa kuti m'mawa mwake akweza katundu m'zombo n'kubwerera kwawo. Phoenix, nkhalamba imene inalera Achilles, alankhula mizere 172, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndipo Achilles afewa pang'ono, nati za kupita kapena kukhala adzaziona kukacha. Potsiriza Ajax, msilikali wosadziwa kukometsa mawu, anena mizere 19 yokha, ndiponso ayamba ndi kulankhula kwa Odysseus ngati kuti Achilles palibe, kenaka ndi pamene amtembenukira. Ndipo kwa iyeyu Achilles satchulanso za ulendo, angoti sadzagwira nthungo kufikira Hector atafika pa zombo zake. Kaundula atipatsa manambala onsewa m'kamphindi, koma kuti cholankhula chachifupi koposa ndicho chinasuntha mtima wa ngwaziyo, ameneyo ndi munthu wowerenga amene azindikira.

M'buku lomweli muli china. Kompyuta ikafunsidwa kuti ipeze mizere yobwerezedwa, isonyeza msanga kuti Odysseus abwereza mndandanda wa mphatso za Agamemnon pafupifupi liwu ndi liwu, monga ayenera kuchitira mthenga wokhulupirika. Isonyezanso kuti mizere yotsiriza ya mfumuyo sinabwerezedwe. M'mizere imeneyo Agamemnon ananena kuti Achilles amgonjere, popeza iye ndiye mfumu yoposa ndiponso wamkulu pakubadwa. Odysseus anawameza mawu amenewo, naikapo pempho lakuti Achilles achitire chifundo Agiriki anzake. Ndipo pobwerera kwa mfumu anakanena yankho loyamba lokha, lowawalo, osatchula kufewa kumene kunatsatira. Makina aona kuti pali mpata pakati pa zolankhula ziwirizi, koma kuti mpatawo ndi nzeru ya mkhalapakati wodziwa kuti mawu ena akafika kwa mwini mkwiyo ayatsa moto, ndi nkhani imene aliyense amene anatumidwapo kukapepesa kwa apongozi angaimasulire bwino kuposa chitsulo.

Ndiponso tisaganize kuti kaundulayo adzilemba yekha. Mipukutu yakale inalibe zizindikiro zija zotsegulira ndi kutsekera mawu a wolankhula, kotero kuti munthu ayenera kugamula pamene mawu ayambira ndi pamene athera. Kwa Homer ntchitoyo ipepuka, chifukwa cholankhula chimayamba pachiyambi pa mzere ndipo chimatsogozedwa ndi mzere wodziwitsa wolankhulayo. Koma Virgil amayamba ndi kuleka mawu pakati pa mzere. Pali vuto la odzibisa: Athena akalankhula kwa Telemachus, mwana wa Odysseus, atavala maonekedwe a Mentor, kodi m'kaundula tilembe mulungu wamkazi kapena nkhalamba yaimuna? Okonza DICES alemba zonse ziwiri, mwini mawu ndi nkhope imene wavala. Palinso mawu a m'kati mwa mawu: mabuku anayi a Odyssey, kuyambira la 9 kufikira la 12, ndi Odysseus akusimba maulendo ake kwa ochereza ake, ndipo m'kusimbako muli Cyclops, Circe ndi mizimu ya akufa ikulankhula, chimodzimodzi buku lachiwiri ndi lachitatu la Aeneid ndi Aeneas akusimbira mfumukazi Dido. Mukawerengera zonsezi ngati cholankhula chimodzi mupeza nambala ina, mukazigawa mupeza inanso. Nambala iliyonse yotuluka m'makina, tsono, ili ndi chigamulo cha munthu kumbuyo kwake, ndipo wanzeru amayamba wafunsa kuti anawerengera motani asanakhulupirire chimene apeza.

Tibwere kwathu tsopano. M'zaka za 1933 kufikira 1935 Milman Parry wa ku Harvard, pamodzi ndi wophunzira wake Albert Lord, anajambula mawu a oimba osadziwa kulemba a ku Yugoslavia, mmodzi wa iwo Avdo Međedović, amene anatha kupanga nyimbo ya mizere yoposa 12,000. Ndipo anasonyeza kuti kubwerezabwereza kwa Homer ndi chizindikiro cha luso la pakamwa, lophunziridwa ndi khutu. Luso la mtundu umenewu ife tili nalo, ngakhale nthano zathu si zazitali chotero. Ndipo tili nawonso mabuku amene anatungidwa pachitsime chimenecho. Ku Mvera, kumene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1889, ndi ku Kongwe, kumene inatsegulidwa m'chaka cha 1894, kunakula mbadwo wa aphunzitsi amene anayamba kulemba Chichewa. Buku Lopatulika, limene W.H. Murray anatsogolera kumasulira kwake, linatuluka m'chaka cha 1922. Samuel Josiah Nthara analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho m'chaka cha 1933, nalembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa. Kodi m'mabuku amenewa akazi alankhula kangati, ndipo alankhula kwa yani? Kodi miyambi ituluka m'kamwa mwa akulu okha, kapena ana nawonso aiponya? Kodi mfumu ilankhula yokha kapena kudzera mwa nduna? Mafunso otere angayankhidwe ndi kaundula wonga wa Homer uja, ndipo kuti auyambe ophunzira a ku sukulu ya Robert Blake ku Kongwe kapena a ku Mtunthama sipafunika china koma bukulo, kompyuta imodzi ndi mphunzitsi woleza mtima. Njirayo inalambulidwa kale pang'ono ku Zambia, kumene Ernst Wendland anasanthula nthano za pa wailesi za Julius Chongo, zotchedwa Poceza m'Madzulo, m'kafukufuku wake wa 1979 ku University of Wisconsin.

Akulu anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kompyuta ndi mlendo wotere. Koma pa nthano zathu kalumoko kali ndi pamene kagomera. Makina ayenera kuphunzitsidwa kuti anati, nati, adati, akuti ndi amvekere zonse zitsegulira khomo wolankhula, ndi kuti cifukwa wa m'mabuku akale a mishoni ya Nkhoma ndi chifukwa wa lero ndi liwu limodzi. Choposa apo, agogo posimba nthano sanena nthawi zonse kuti tsopano akulankhula ndi Kalulu kapena Fisi. Amangosintha mawu, wina kumuchepetsera, wina kumulankhulitsa cham'mphuno, ndipo pamene munthu wa m'nthano wafika pachisoni chachikulu amaleka kulankhula n'kuyamba kuimba, ana akuvomera. Zonsezi zikaikidwa papepala zifota, ndipo kaundula wokonzedwa kuchokera papepala lokha adzanena zonama. Chifukwa chake ntchito yoyamba kwa ife ndi kujambula mawu ndi nkhope za osimba nthano akali moyo, kulemba dzina la mudzi ndi chaka, ndi kusunga zojambulazo pamalo pamene mdzukulu angazipeze, kuwonkhetsa kudzatsatira. Agiriki atisiyira mizere ya Homer koma liwu la woimbayo linatayika, ndipo akatswiri a ku Amsterdam ndi Rostock, ndi makina awo onse, sangathe kulibweza. Ife a ku Dowa ndi Ntchisi tikali nazo zonse ziwiri, mawu ndi eni mawu, ndipo foni imene ili m'thumba la mnyamata aliyense wa pa Mponela ikwanira kuyamba ntchitoyo chaka chino.